Tala Wothera Panjira: Ndalama ndi Chinyengo M'ndale za Kummwera kwa Mzimba

Msewu wochoka pa Jenda kudzera ku Embangweni mpaka ku Edingeni ndi umodzi mwa misewu yomwe yatchulidwa kwambiri pa nsanja za ndale m'chigawo cha kumpoto, pakuti umadutsa m'dera la alimi a fodya, chimanga ndi soya, umafika pa chipatala cha mishoni cha Embangweni chomwe chili m'manja mwa sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, ndipo umakathera ku likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa.

Maboma otsatizana akhala akulonjeza kuuthira tala, koma chomwe chidaoneka poyamba ndi gawo la makilomita pafupifupi 15 kuchokera pa Jenda, ndipo kwa zaka zambiri galimoto ikafika pothera talayo inkalowa m'fumbi nthawi ya chilimwe ndi m'matope nthawi ya dzinja, kaya yanyamula mabelo a fodya kaya mayi wodwala matenda aakulu.

Lonjezo lokha ndi lomwe silidatherepo panjira, chifukwa limabwerera chisankho chilichonse.

Msewuwu ukuonetsa mbali imodzi ya nkhani yomwe ili ndi mbali ziwiri zosalekanitsika. Kuti munthu apeze mpando wa ndale m'Malawi amafunika ndalama zochuluka kuposa zomwe mpandowo umalipira, ndipo kusiyana kwa ziwirizi kumakwiriridwa ndi chinyengo, chomwe nthawi zina chimakhala kusolola ndalama za boma, nthawi zina kulonjeza chinthu chomwe wolonjezayo akudziwa kuti bajeti yake palibe. Boma la Mzimba, lomwe ndi lalikulu kuposa maboma onse m'dziko muno ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti muli anthu oposa 900,000 osawerengera mzinda wa Mzuzu, ndi malo abwino oonerapo zimenezi, chifukwa mitunda ndi yaitali, ntchito za boma zimafika mochedwa, ndipo wandale wobwera ndi kanthu m'manja amalandiridwa ngati mpulumutsi.

Mphatso za ndale sizidayambe ndi demokalase, koma kale zinkayenda chobwerera. M'nthawi ya chipani chimodzi cha MCP, ndalama zinkachoka kwa anthu kupita kwa olamula: munthu aliyense ankayenera kugula khadi la chipani kuti alowe mumsika kapena akwere basi, ndipo Kamuzu Banda akamayendera chigawo, midzi inkasonkha ndalama, mazira, nkhuku ngakhale ng'ombe monga mphatso zomwe dzina lake lidali zaufulu ngakhale kuzikana kudali koopsa.

Chisankho cha 1994 chidatembenuza njira ya mphatsoyo. Voti itakhala ndi mtengo, wofuna mpando ndiye adayamba kupereka, ndipo Bakili Muluzi amakumbukiridwa mpaka lero chifukwa chogawa ma K50 pa misonkhano yake, chizolowezi chomwe zipani zonse zomwe zidabwera pambuyo pake zidachitengera n'kuchikulitsa ndi nsalu, malaya, ufa, njinga ndi malata. Chomwe sichidasinthe n'chakuti gwero la ndalamazo ndi lomwelo, chifukwa zomwe wandale wa m'boma amagawa zimachokera ku misonkho ya anthu omwewo, kapena kwa wamalonda yemwe adzazibweza yekha pokweza mtengo wa kontirakiti ya boma.

Kukula kwa mtengowu kudayesedwa pa chisankho cha 2019. Kafukufuku yemwe adachita katswiri wa zandale Michael Wahman, wofalitsidwa ndi bungwe la Westminster Foundation for Democracy, adapeza kuti wopikisana pa mpando wa phungu ankawononga pafupifupi K14.8 miliyoni, ndipo omwe adalidi pa mpikisano weniweni, kutanthauza omwe adapeza mavoti oposa 20 pa 100 alionse, ankafika pa K27 miliyoni, ndalama zoposa malipiro a phungu a chaka chathunthu pa nthawiyo. Kuchokera apo kwacha idagwa kawiri, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama yongolembetsera ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC idakwera kuchoka pa K500,000 kwa wopikisana wamwamuna mu 2019 kufika pa K2.5 miliyoni mu 2025.

Ndalama zambiri sizithera pa tsiku la voti. Zimayamba kutuluka zaka ziwiri kapena zitatu chisankho chisanafike, pomwe wofuna mpando, yemwe anthu amamutcha shado chifukwa amayenda ngati mthunzi wa phungu wokhalapo, amayamba kuoneka pa maliro ndi bokosi ndi thumba la ufa, amagula mpira ndi yunifolomu za chikho cha achinyamata, amathandiza denga la tchalitchi, ndipo ngati ali ndi mphamvu amagula galimoto n'kuilemba dzina lake kuti izinyamula odwala ndi mitembo. Kenako pamabwera chisankho cha chipulula, chomwe ndi mpikisano wa mkati mwa chipani wosankha woimira chipanicho, ndipo apa ndi pomwe mavoti amagulidwa poyera kwambiri, chifukwa ovota ndi ochepa, amadziwika maina, amafuna galimoto yowanyamula ndi chakudya, ndipo kawirikawiri amaima pamzere kumbuyo kwa yemwe akumufuna kotero kuti wolipira amaona ndi maso ake ngati ndalama yake yagwira ntchito.

Kudzudzula ovota kuti ndi adyera n'kosavuta, koma sikufotokoza zonse.

Kummwera kwa Mzimba, m'madera a mafumu monga Mabilabo, Mzikubola, Mzukuzuku ndi Khosolo, chitukuko chambiri chomwe chimaoneka ndi maso, monga nyumba za malata, masitolo ndi magalimoto a matola, chidabwera ndi ana omwe ali ku Joni. Ulendo wa ku South Africa ndi wakale m'bomali, pakuti udakula Angoni a M'mbelwa atalowa pansi pa ulamuliro wa Britain mu 1904 ndipo msonkho wa nyumba utayamba kukakamiza amuna kukafuna ndalama kutali. Anthu omwe kwa mibadwo ingapo aona kuti chithandizo chimachokera kwa munthu wodziwika dzina, mwana kapena mlamu wotumiza ndalama, pomwe ofesi ya boma imangolemba maina, sachedwa kumuyesa phungu ndi muyeso womwewo. Mayi yemwe mwana wake wadwala usiku ku Khosolo, komwe misewu yokwera ndi kutsika mapiri imavuta mvula ikagwa, safunsa za lamulo lomwe phungu adathandiza kukonza ku Lilongwe. Amafunsa ngati galimoto ya phunguyo ibwere.

Pali chifukwa chinanso chomwe chimamveka m'midzi, chakuti popeza wandale akapambana saonekanso, ndi bwino kudyeratu akadali wofuna voti. Maganizo amenewa ali ndi nzeru yake, koma amabala zomwe akuopazo, chifukwa phungu yemwe walowa m'Nyumba ya Malamulo ali ndi ngongole amakhala ndi zaka 5 zokha zoti abweze zomwe adawononga ndi kusonkhanitsa za chisankho chotsatira, akudziwanso kuti m'Malawi aphungu ambiri, kawirikawiri oposa theka, sabwereranso pa mpando. Mwambi woti mbuzi imadya pomwe aimangirira umatchulidwa mosekerera pa nkhani zotere, ndipo pomwe phungu amamangiriridwa ndi pa ndalama za chitukuko cha m'dera lake.

Thumba lalikulu la ndalamazi ndi CDF, lomwe ndi ndalama zomwe boma limapatula chaka chilichonse kuti zigwire ntchito zing'onozing'ono monga milatho, midadada ya sukulu ndi mijigo m'dera la phungu aliyense. Thumbali lidakhazikitsidwa mu 2006, pa nthawi yomwe boma la Bingu wa Mutharika lidalibe aphungu okwanira ndipo linkavutika kudutsitsa bajeti, komanso pa nthawi yomwe dziko lidalibe makhansala, pakuti nthawi ya omwe adasankhidwa mu 2000 idatha mu 2005 ndipo ena sadasankhidwe mpaka 2014. Kwa zaka 9 zimenezo panalibe wosankhidwa wina woyang'anira khonsolo, ndipo kusintha kwa lamulo la maboma ang'onoang'ono mu 2010 kudapatsanso aphungu mphamvu yovota m'makhonsolo. Motero munthu yemwe ntchito yake ndi kufunsa boma momwe lawonongera ndalama adakhala wosankha ntchito, woloza womanga ndiponso wovomereza malipoti a ntchito yomweyo.

Ndalama za CDF zidakwera kuchoka pa mamiliyoni ochepa kufika pa K100 miliyoni mu 2022 ndi K200 miliyoni mu 2024 pa dera lililonse, ndipo ndi nkhani imodzi yomwe aphungu a boma ndi otsutsa sakanganirana.

Njira zodyera ndalama zotere n'zodziwika ndipo malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma akhala akuzitchula m'makhonsolo ambiri: kulipira katundu yemwe sadafike, kugula simenti ndi malata pa mtengo wokwera kwa wamalonda wa chipani, kulipira ntchito yosatha ngati yatha, ndi kusowa kwa malisiti. Mzimba ili ndi chitsanzo chomwe chidafika kukhoti. Mu 2020 khoti la majisitireti pa boma la Mzimba lidapeza Christopher Mzomera Ngwira, yemwe adakhalapo phungu wa Mzimba Hora komanso gavanala wa chipani cha DPP m'chigawo cha kumpoto, wolakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika pa ndalama za thumba lina la chitukuko la LDF zomwe zidali za ntchito ya pa sukulu ya Lukwelukwe, ndipo lidamulamula kukakhala kundende zaka 4.

Zinthu ziwiri n'zofunika kuziona pa mlanduwu. Ndalama zomwe zidatchulidwa sizidafike ndi K1 miliyoni yomwe, zomwe zikuonetsa kuti katangale wa kumudzi sayenda ndi mabiliyoni koma ndi matumba a simenti, ngakhale kuti kwa ana ophunzirira pansi pa mtengo kutayika kwake n'kwakukulu. Chachiwiri n'chakuti nkhaniyo idali ya zaka zambiri m'mbuyo, koma chigamulo chidabwera chipani cha woimbidwa mlanduyo chitangotuluka m'boma, zomwe zimalimbikitsa chikhulupiriro chomwe chili ponseponse chakuti bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB ndi makhoti amafulumira pa omwe mphamvu zawathera. Chikhulupirirochi, kaya n'choona pa mlandu uliwonse kaya ayi, chimaphunzitsa wandale kuti chitetezo chake chili pa kukhala mbali ya boma.

Apa ndi pomwe pamachokera chizolowezi chosamuka zipani. Mu 1994 chipani cha AFORD cha Chakufwa Chihana chidatenga mipando yonse 33 ya m'chigawo cha kumpoto, koma kuchokera pamenepo aphungu a m'chigawochi, monganso a m'zigawo zina, akhala akutsatira komwe kuli boma, ngakhale Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko limanena kuti phungu wochoka m'chipani chomwe adapambanira n'kulowa china cha m'Nyumbayo ataye mpando. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, aphungu ambiri a DPP adathamangira ku PP ya Joyce Banda m'masabata ochepa, ndipo chifukwa chomwe chimaperekedwa nthawi zonse chimakhala chakuti anthu a kumudzi ndiwo apempha kuti phungu agwire ntchito ndi boma kuti chitukuko chibwere.

Mbiri ya kummwera kwa Mzimba sikugwirizana ndi chifukwa chimenechi. Kuyambira 2012 mpaka 2014 derali lidali ndi mwana wake pa mpando wachiwiri wa dziko, Khumbo Kachali wa Mzimba South West, ndipo ngakhale zidatero, tala sadafike ku Edingeni m'zaka zimenezo kapena m'zaka zotsatira. Kukhala ndi munthu wamkulu m'boma kumabweretsa misonkhano, magalimoto ndi ntchito kwa ochepa, koma msewu umafuna ndalama zolembedwa m'bajeti ndi kutulutsidwa mwezi ndi mwezi, ndipo izi sizitsatira dzina la munthu.

Chaka chomwecho cha 2012 chidaonetsanso mtundu wina wa chinyengo, wogwiritsa ntchito katundu wa boma ngati mphatso ya chipani. Pa nthawi ya kampeni ya zisankho zapadera za Okutobala m'madera a Mzimba Central ndi Mzimba South West, manyuzipepala adalemba kuti mabedi adachotsedwa pa chipatala cha Mponela m'boma la Dowa n'kupita nawo ku chipatala china chaching'ono ku Mzimba, ndipo nkhaniyi idautsa mkwiyo m'dziko lonse. Palibe bedi latsopano lomwe lidagulidwa; odwala a boma lina ndi omwe adalipira kuti ovota a boma lina aone chitukuko.

Ndalama za kampeni zomwe zimafika pa Jenda kapena pa Mzimba boma m'magalimoto a zipani zili ndi gwero lalikulu ku Lilongwe, ndipo milandu ingapo yaonetsa momwe zimapezekera. Mu Sepitembala 2013, kuomberedwa kwa mkulu wa bajeti Paul Mphwiyo kudavumbulutsa Cashgate, kuba komwe kunkachitika polipira makampani omwe sadagwire ntchito iliyonse kudzera pa makina a kompyuta olipirira a boma otchedwa IFMIS, kenako n'kufufuta zolembedwazo. Kampani yolondoloza ndalama ya Baker Tilly idapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni zidatayika m'miyezi 6 yokha, miyezi yochepa chisankho cha 2014 chisanachitike, ndipo maiko othandiza adaimitsa thandizo lomwe linkakwana pafupifupi 40 peresenti ya bajeti. Mmodzi mwa omangidwa, Oswald Lutepo, adalamulidwa kukhala kundende zaka 11 mu 2015.

Mu 2018 lipoti la ACB lomwe lidatuluka mobisa lidaonetsa kuti K145 miliyoni zochokera ku kampani ya Pioneer Investments, yomwe idali ndi kontirakiti yopereka chakudya ku polisi, zidalowa mu akaunti ya DPP yomwe wosainira yekhayo adali pulezidenti wa nthawiyo, Peter Mutharika. Bungweli pambuyo pake lidati Mutharika sadapindulepo payekha, koma nkhaniyo idasiya poyera ubale wa wamalonda wofuna kontirakiti ndi chipani chofuna ndalama. Ngakhale makhoti adayesedwa, pakuti mu 2021 mkulu wa zamabanki Thom Mpinganjira adapezeka wolakwa pofuna kupereka ziphuphu kwa majaji omwe ankazenga mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019, chomwe majajiwo adachithetsa pa 3 Febuluwale 2020. Boma la Lazarus Chakwera la mgwirizano wa Tonse lomwe lidalowa polonjeza kuchotsa nyansi nalo lidagwa m'nkhani ya katangale yokhudza wamalonda Zuneth Sattar, komanso ya K750 miliyoni za feteleza wotsika mtengo zomwe mu 2022 zidalipiridwa ku kampani ya ku Britain yogulitsa nyama. Kwa mlimi wa ku Champhira kapena ku Luwerezi m'boma la Mzimba, nkhani yomalizayi idafika ngati mzere wautali pa depoti ndi feteleza wobwera chimanga chitakula kale.

Lamulo loletsa zonsezi lilipo. Lamulo la zipani la 2018, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Disembala chaka chomwecho, limaletsa wopikisana kapena chipani kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa voti, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K10 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Limalamulanso zipani kuulula thandizo lililonse loyambira K1 miliyoni lochokera kwa munthu ndi K2 miliyoni lochokera ku bungwe. Koma lamulo lomweli limalola zovala za chipani, ndalama yobwezera mayendedwe ndi chakudya cha pa msonkhano, ndipo khomo limeneli ndi lalikulu moti envelopu iliyonse imatha kutchedwa ya thiransipoti. Mlembi wa zipani wokhazikika, yemwe ndi woyenera kulondola zimenezi, sadasankhidwe mpaka 2024 pomwe Kizito Tenthani adapatsidwa udindowo, ndipo bungwe la maloya la Malawi Law Society lidachita kupita kukhoti kuti lione zomwe zipani zidaulula.

Zisankho ziwiri, cha 2019 ndi cha 2020, zidadutsa lamulo lili m'buku lokha.

Mafumu ali pa malo ovuta m'dongosolo limeneli. M'boma la Mzimba ufumu ndi wolemekezeka kwambiri, kuyambira kwa nyakwawa mpaka kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V, ndipo mwambo wa Umthetho womwe umachitikira pa phiri la Hora mwezi wa Ogasiti umakopa atsogoleri a dziko ndi a zipani. Koma mswahala wa mafumu umachokera ku boma, kukwezedwa kwa mfumu kuli m'manja mwa boma, ndipo maina a olandira feteleza wotsika mtengo, chimanga cha chithandizo ndi mtukula pakhomo amadutsa pafupi ndi nyakwawa. Wandale akafika pamudzi sangayambe msonkhano asanalonjere mfumu ndi kangachepe, zomwe mwambo umavomereza, koma malire a ulemu ndi kugula amasowa pomwe envelopuyo yakula ndipo mfumu yaimirira pa nsanja kuuza anthu ake koti avotere.

Mphatso yotsika mtengo kuposa zonse kwa wolamula ndi mwala wa maziko. Mu 2015 Peter Mutharika adaika mwala woyambira yunivesite ya Mombera pafupi ndi Mzimba boma, ndipo kwa zaka zotsatira chomwe chinkaoneka pa malowo ndi chikwangwani ndi misewu ya mkati, popanda chipinda chophunziriramo. Boma la Lazarus Chakwera lidasintha dzina kukhala yunivesite ya Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndipo mwana yemwe adali mu Fomu 1 pa tsiku la mwalawo adamaliza sekondale n'kufika msinkhu womaliza digiri sukuluyo isanalandire wophunzira. Lonjezo lotere silingatengeredwe kukhoti ngati kuba, chifukwa palibe ndalama yomwe yasowa m'thumba la munthu, koma limagwira ntchito yofanana ndi envelopu, pakuti limagula voti lero ndi chinthu chomwe sichidzaperekedwa pa nthawi yolonjezedwa.

Kusintha kwakukulu kwa posachedwa kudachokera kukhoti. Mu Meyi 2025, pa mlandu womwe lidabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA, Khoti Lalikulu litakhala ngati khoti loona za malamulo aakulu a dziko lidagamula kuti n'kosemphana ndi malamulowo kuti aphungu aziyendetsa CDF kapena kuvota m'makhonsolo, chifukwa ntchito yopanga malamulo ndi kulondola boma iyenera kusiyana ndi yowononga ndalama. Miyezi yochepa pambuyo pake, pa chisankho cha 16 Sepitembala 2025, Mutharika adabwerera pa mpando atalonjeza kukweza CDF kufika pa K5 biliyoni pa dera lililonse chaka chilichonse.

Khonsolo ya M'mbelwa, yomwe ndi ya boma la Mzimba, ili ndi madera a aphungu oposa 10, kutanthauza kuti lonjezolo likakwaniritsidwa, ndalama zoposa K50 biliyoni pa chaka zizidutsa m'maofesi a pa Mzimba boma, momwe akuluakulu a zachuma, ogula katundu ndi mainjiniya ochepa amayenera kuyang'anira ntchito zotalikirana makilomita mazanamazana. Kuchotsa phungu pa thumbali sikuchotsa ngongole zake za kampeni, sikuchotsanso wamalonda yemwe adamuthandiza, ndipo makhansala omwe akulandira mphamvuzo nawonso amasankhidwa ndi mabokosi a maliro ndi zikho za mpira, kungoti pa mtengo wocheperapo. Lamulo lopereka ufulu wopeza nkhani za boma, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, limalola komiti ya chitukuko ya mudzi uliwonse ku Embangweni kapena ku Emfeni kupempha kuona mtengo wa mlatho, dzina la womanga ndi tsiku lomwe adalipidwa, ndipo khonsolo imayenera kuyankha mwa kalata.